Mashati Asanu a Mwana Mmodzi

Alamu anga, akazi a malemu achimwene, anatha zaka makumi atatu akutseka mabowo pa zovala za anthu, koma palibe anawatamapo kupitirira pa "zikomo mayi". Atayamba kuboola zovala m'pamene dzina lawo linamveka. Ku kampani yopanga mafilimu kumene tonse awiri tinkagwira ntchito ankawatchula kuti Mayi Zibowo. Dzinalo ndinawapatsa ndine, ndipo sindinawapatse chifukwa chowakonda.

Kusoka anaphunzira ali ndi zaka khumi ndi zinayi kwa telala wina wokalamba, amene ankawamasulitsa msoko wonse chifukwa cha ulusi umodzi wokhota. Anatenga luso lake, n'kutenganso nkhanza zake. Atakwatiwa ndi achimwene anatsegula kamalo kawo pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa wokonza nsapato ndi wokonza mawotchi. Munali makina opalasa ndi phazi, babu limodzi, chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani, ndi kampando kamene kasitomala ankakhalapo atapinda khosi kuopa kugunda mutu. Ukawabweretsera jekete yoboola ndi ndudu, ankasolola ulusi pa mpendero wa jekete yomweyo n'kuluka bowolo ulusi umodziumodzi, mpaka mwini wake ankafufuza osapapeza. Bambo wina anachita kukangana nawo kuti mwina panalibe bowo n'kale.

Inenso anandiphunzitsa ndi iwo, nditabwera kudzakhala nawo ndili mtsikana. Ankandimenya zala ndi rula. Mpaka lero ndikamanga mfundo kumapeto kwa msoko ndimaimanga monga iwo, kuzunguliza kawiri n'kubisa mchira wa ulusi mkati.

Mwana anabereka mmodzi yekha, wamwamuna. Achimwene atamwalira, mnyamatayo anakhala kwa ine zaka zinayi za sekondale chifukwa sukulu inali pafupi ndi kwathu. Ndinamuchapira, ndinamugonera kuchipatala atathyoka mkono, ndinamubisira makalata a atsikana kuti mayi ake asaone. Atamaliza sukulu analowa usilikali, anamutumiza ku nkhondo ya kutali, ndipo anafa ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Bokosi linabwera lokhomerera, anatiletsa kutsegula.

Patapita miyezi, msilikali mnzake anafika pansi pa masitepe paja ndi kajumbo ka pulasitiki. Munali shati ya mnyamata wathu. Inali yobiriwira, yotuwa pa kolala, ndipo batani lachitatu linali losokedwa ndi ulusi wakuda, lomwe alamu anasokerera okha iye atabwera ku tchuthi. Pansi pa thumba lakumanzere panali kabowo kolowa pensulo basi, ndipo mozungulira panali banga la bulawuni losakwana n'chikhatho chomwe. Mnzakeyo anati mnyamata wathu ankamanga chingwe cha nsapato, anangoti "aa," n'kukhala pansi. Panalibe kukuwa, panalibe mawu otsiriza.

Ndinatambasula manja kuti ndiigwireko.

"Manja anu ali ndi mafuta, alamu," anatero, n'kuipinda.

Anaitsekera mu sutikesi pansi pa bedi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkaiona ili m'manja mwawo mokha, ngati ine ndinali mlendo wodzapepesa maliro. Zinandipweteka, ndipo ine sindine munthu woiwala.

Kenako ntchito yawo inafa. Zovala za kaunjika zinadzaza m'misewu, ndipo munthu akang'ambikira buluku ankangotaya n'kugula lina. Alamu ankakhala tsiku lonse pansi pa masitepe akusankha mabatani m'chitini, aakulu uku, aang'ono uku. Ine panthawiyo ndinali mkulu wa zovala ku kampani ya mafilimu, chaka chachisanu ndi chimodzi. Titayamba filimu ya nkhondo yofuna mayunifolomu mazana awiri, ndinawamvera chisoni n'kuwalembetsa ntchito. Ndivomere kuti zinandikomeranso kuti tsopano wogwira rula ndi ine.

Anthu amaganiza kuti yunifolomu ya mufilimu amangoitenga n'kuvala. Ayi. Yatsopano imaoneka yabodza, choncho timaikalambitsa. Timakwecha maondo ndi zigongono ndi sandipepala, timaiviika m'madzi a tiyi, timaipaka dothi losakaniza ndi mafuta, timaiyanika padzuwa masiku. Chipinda chathu chinali kuseri kwa nyumba yojambulira, chopanda zenera, chokhala ndi matebulo awiri aatali ndi mizere ya mahang'ala, ndipo chinkanunkha tiyi wozizira ndi nsalu yopserera. Mabowo a zipolopolo ndinkaboola ine. Ndinkadula ndi sizasi, kung'amba ndi chala, n'kuwaula m'mbali ndi kandulo. Bowo langa linkalowa chibakera, ndipo palibe anadandaulapo.

Alamu ntchito yokalambitsa anaigwira ngati anabadwira momwemo. Munthu amene wakonza zigongono zikwizikwi amadziwa pamene nsalu imayambira kutha. Koma ndikawapatsa mashati oti aboole, ankabweza timabowo tating'ono, toyera m'mbali, ngati tadyedwa ndi njenjete. Ndinawauza kawiri, katatu. Ankangoti "mm," n'kupitiriza momwemo. M'pamene ndinayamba kuwaitana kuti Mayi Zibowo pamaso pa anthu, ndipo dzina linagwira tsiku lomwelo.

Wotsogolera filimuyo tinkamutchula kuti Bwana Bwerezani, chifukwa palibe chimene chinamukhutiritsapo koyamba. Ngakhale tiyi ankabweza. Mawu ake okondedwa anali "zenizeni". Ankafuna thukuta lenileni, matope enieni, mantha enieni, ndipo anagonetsapo anyamata makumi atatu m'ngalande ya madzi m'mawa wonse kuti azinjenjemera zenizeni. Koma magazi ankaitanitsa m'zigubu, a manyuchi osakaniza ndi utoto, ndipo msilikali aliyense woomberedwa ankayenera kuuluka kaye m'mwamba asanagwe. Ku nkhondo sanapiteko. Nkhondo yake yonse anaionera pa sikirini, atakhala pa sofa.

Tsiku lina analowa m'chipinda chathu atanyamula shati imodzi ndi zala ziwiri.

"Waboola iyi ndani?"

Ndinaloza ndi mlomo.

"Mayi, ichi n'chiyani? Munthu wokhala kumbuyo kwa holo achiona bwanji?"

"Chipolopolo chimaboola choncho, bwana," anatero alamu osaimitsa singano.

"Oo? Munapitako ku nkhondo, mayi? Munali gulu liti, la azimayi osoka mabatani?"

Chipinda chonse chinaseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndine. Alamu anangopitiriza kusoka. Koma ndinaona khosi lawo likuuma, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyo sinathere pomwepo. Mayi amene uja ukanatha kumulanda chakudya m'manja osanena kanthu, koma osati kumuuza kuti sadziwa nsalu.

M'mawa mwake anabwera ndi kajumbo ka pulasitiki kaja. Anayala shati ya mwana wawo patebulo, pamaso pa Bwana Bwerezani, n'kunena kuti, "Ili ndi bowo la chipolopolo. Mwini wake anali mwana wanga." Shati yomwe ine, azakhali ake, anandikaniza kugwira, anaiyalira munthu wachilendo pofuna kupambana mkangano wa ntchito.

Bwana Bwerezani anaiyang'anitsitsa. Anawerama, ananunkhiza, anafunsa kuti mnyamatayo anafa bwanji, ndipo atamva za chingwe cha nsapato misozi inatsika. Ndinaiona ndi maso anga, inali yeniyeni. Kenako anadzuka maso akuwala ngati munthu watola chikwama pamsewu. Anati mapeto a filimu asintha. Kaputeni, msilikali wamkulu wa nkhani yathu, adzapeza shati ya mng'ono wake wophedwa, adzaivala, n'kulowa nayo nkhondo yomaliza, ndipo adzafera momwemo. Za chingwe cha nsapato anati n'zokhudza mtima kwambiri koma sizingajambulike, munthu sangadikire maola awiri kuti aone wina akukhala pansi.

Asanatuluke anatola shati imodzi ya mabowo anga, n'kuikweza kuti aliyense aione.

"Ndipo izi? Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula ntchito ya makoswe. Kuyambira lero zovala za Kaputeni azigwira mayi awa. Inu muzichapa ndi kusita."

Anthu omwe aja anasekanso, tsopano akuseka ine. Zoseketsa n'zakuti mabowo a asilikali ena onse anapitiriza kuwafuna aakulu, olowa chibakera, koma sanabwere kudzandipepesa. Ndinatenga ayironi mutu uli pansi. Alamu sanandiyang'ane n'komwe, anali kalikiliki kupinda shati yawo.

Anagwirizana chonchi. Shati yeniyeni idzajambulidwa kamodzi kokha, pafupi, Kaputeni akuipeza ndi kuivala. Pojambula imfa, pamene amamata kabomba kakang'ono ndi kathumba ka magazi mkati mwa chovala kuti chiphulike, adzagwiritsa ntchito mashati ofanana nayo. Popeza imfa ya mufilimu sijambulidwa kamodzi, panafunika anayi. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti chimene chili pa chovala chimodzi chikhalenso pa zinzake zonse, ngakhale kadontho, kuti woonera asazindikire kuti zasinthidwa.

Milungu isanu alamu anakhala pa mashati anayi amenewo. Anayendayenda m'misika mpaka anapeza mayunifolomu akale a nsalu yomweyo. Anatuwitsa makolala ndi mwala. Anasoka batani lachitatu ndi ulusi wakuda, mokhota pang'ono monga anasokera tsiku lija akufulumira kuti mwana asachedwe basi. Kabowo anakaboola ndi msomali wotentha n'kukonza ulusi wa m'mbali umodziumodzi ndi nsonga ya singano. Banga analipanga ndi tiyi, dzimbiri la misomali, ndi magazi a chala chawo. Madzulo ankanyamula onse asanu kupita nawo kunyumba n'kuwagoneka mu sutikesi imodzi kuti atenge fungo limodzi. Sindinawaonepo akusangalala chotero chimwalirireni mwana. Ankaimba pansipansi, ananenepako ndi pang'ono, ndipo anthu ochokera m'zipinda zina ankabwera kudzayesa kuloza shati yeniyeni, n'kulephera. Iwo ankangomwetulira. Ine ndinkaonera zonsezi ndili kuseri kwa nthunzi ya ayironi.

Tsiku loti mawa tikajambula mapeto, wosunga katundu, amene tinkamutchula kuti Wamakiyi, analamula kuti zovala zonse za mawa zigone kuntchito chifukwa lole inyamuka m'mamawa. Alamu anakana, anachonderera, koma pamapeto pake anapachika mashati asanu pa mahang'ala. Cha m'ma 3 koloko masana anawaitana kuti akayeze Kaputeni buluku. Ndinatsala ndekha m'chipinda.

Ndinapukuta manja pa epuloni, n'kupita pamene panali mashati. Ndinkangofuna kuigwira, basi. Koma iti? Ndinayamba kuwatembenuza imodziimodzi, ndipo pa yachiwiri, mkati mwa mpendero wa m'munsi, ndinapeza kamfundo ka ulusi wofiira, kakang'ono ngati nsabwe. Ena anayi analibe. Ndinadziwa kuti ndi chizindikiro chawo, kuti ngakhale iwo eni, amene anasoka, sankadzidaliranso popanda icho.

Ndinaikumbatira shati ija. Ndinaika nkhope pa kolala. Sinanunkhe mwana wathu, inkanunkha sutikesi. Ndinalira pang'ono, ndipo ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndilibe nkhani yoti ndinene.

Pa tebulo lawo panali ulusi wofiira ndi singano. Ndinadziuza kuti lamulo ndi lamulo, chimene chili pa chimodzi chikhale pa zonse, ndipo alamu omwewo ndi amene ankalilalikira kuposa aliyense. Limenelo linali bodza, ndipo ndinkadziwa ndikusoka kuti ndi bodza. Ndinkafuna ndiwaone nawonso atagwira njakata pamaso pa anthu, kwa mphindi zochepa chabe, kenako ndidzawalozere. Ndinamanga timfundo tinayi, kuzunguliza kawiri n'kubisa mchira mkati. Ndinasakaniza mahang'ala. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione ntchito yanga, ndinazindikira kuti nanenso sindikudziwanso yeniyeni. Ndikanamasula timfundo tanga, koma tanga ndi titi? Ndinamva mapazi pakhonde, ndinathamangira pa ayironi.

Tinakajambulira ku fakitale ina yakale yogumuka denga. Anamwaza njerwa, anayatsa matayala, anabweretsa makina opemerera utsi. Ife a zovala anatipatsa kangodya kuseri kwa khoma, pafupi ndi migolo ya madzi. Cha m'ma 8 koloko anaitanitsa shati yeniyeni.

Alamu anapinda mpendero wa yoyamba n'kumwetulira. Kenako, mwa chizolowezi chabe, anapinda wa yachiwiri. Anapinda wa yachitatu. Pofika pa yachisanu milomo yawo inali itatuwa. Anabwerezanso kuyambira koyamba, anayang'ana makolala, anayang'ana mabatani, anaunika timabowo padzuwa, ananunkhiza. Ntchito yawo inalibe polakwika paliponse.

"Alamu," anandinong'oneza, "ndachita chiyani ine?"

"Chavuta n'chiyani?"

"Ndinaika chizindikiro pa ya mwana wanga. Tsopano chili ponseponse. Taonani mfundozi, ndi zanga. Manja angawa azolowera kukopera chilichonse. Ndinasoka osadziwa, alamu. Ndakalamba."

Pamenepo ndi pamene ndikananena. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Pepani, zimachitika mukatopa."

Bwana Bwerezani anali akukuwa kale kuti dzuwa likukwera. Alamu anatseka maso, n'kutenga imodzi. Wosewera ngati Kaputeni, mnyamata wa minofu amene ankadya mazira asanu ndi limodzi m'mawa uliwonse, anamudontheza mankhwala otulutsa misozi, ndipo anagwada pa njerwa, n'kulowetsa chala chake chonenepa m'kabowo kaja. Atamaliza, Bwana Bwerezani anaitana aliyense kuti adzaone pa kasikirini.

"Mwaona? Chenicheni chimadziwika. Ngakhale mutakopera bwanji, kamera simungainamize."

Aka kanali koyamba kuti asabwereze chinthu. Alamu analanda shati ija Kaputeni asanamalize n'kuivula komwe, anaipinda, n'kuikumbatira pachifuwa. Koma maso awo anali pa zinayi zotsala pa mahang'ala.

Anapita kwa bwanayo. Anagwada pa njerwa, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, n'kufotokoza kuti mashati asokonekera, kuti mwina ya mwana wawo ili pakati pa oti aphulitsidwe, kuti awapatse tsiku limodzi lokha.

"Tsiku limodzi? Mayi, mukuona anthu awa? Mukuona utsi uwu? Yeniyeni ndi imene mwagwirayo, ndaiona ine pa kamera. Dzukani, mukudetsa maondo."

Wamabomba, bambo wachete wosowa zala ziwiri, anatenga yoyamba. Bwana Bwerezani anamuuza kuti kabombako akamate ndendende kuseri kwa kabowo kakale, kuti chipolopolo chimene chinapha mng'ono chikhale ngati chabweranso kudzatenga mkulu. Anati anthu adzalira m'maholo. Kunena kwina, malo okhawo amene katswiri akanatha kudzafufuza pambuyo pake, bowo ndi banga, ndiwo anali oti apserere.

Koyamba kanaphulika, phuu! Magazi anathovokera mpaka pa kamera. Kaputeni anauluka chagada n'kugwera pa matiresi obisika. Alamu anatulutsa kamawu kakang'ono ngati munthu wapondedwa chala. Bwana Bwerezani anati Kaputeni anatsinzina bomba lisanaphulike, bwerezani.

Kachiwiri magazi anachepa. Bwana anamuuza Wamabomba kuti awonjezere thumba lina, ati akufuna imfa osati chimfine.

Kachitatu zonse zinayenda. Kaputeni anakuwa, anawombera m'mwamba, anagwa pang'onopang'ono chifuwa chili chong'ambika ngati chikwama chakale. Aliyense anaomba m'manja. Kajambulidwe kameneka ndi kamene kali mufilimu, ndipo ndinamva kuti m'maholo anyamata amaimba malikhweru pamenepa n'kupempha kuti abwezerenso. Ine sindinakaonere. Bwana Bwerezani anati ndi zabwino kwambiri, koma tiyesenso kamodzi kamera ili pansi.

Kachinayi utsi unaphimba nkhope ya Kaputeni. Pa mahang'ala panalibenso kanthu.

Nthawi yonseyi alamu anali ataima pambali pa migolo, shati yachisanu ili pachifuwa. Bomba lililonse likaphulika ankagwedezeka thupi lonse, n'kuyang'ana imene agwira, n'kuyang'ananso imene yang'ambika. Sankalira. Ankangofunsa, osayang'ana munthu, kuti, "Si imeneyo eti? Si imeneyo?" Ine ndinkatola mashati onyowa n'kuwaponya m'beseni, manja anga ali nyankhanyankha ndi manyuchi, ndipo ndinkayankha kuti ayi, si imeneyo.

Bwana Bwerezani anayang'ana dzuwa, anayang'ana kasikirini, kenako anayang'ana alamu.

"Mayi, tibwerekeni iyo."

"Ayi bwana. Munalonjeza."

"Inu nomwe mwati simukudziwa ngati ili yeniyeni. Ndiye mukukakamira chiyani? Ngati ndi yokopera, ndi ya kampani. Ngati ndi yeniyeni, mwana wanu alowa m'mbiri. Mbali zonse mwapindula."

"Mwati mwaiona pa kamera kuti ndi yeniyeni."

"Ndiye bwino kwambiri. Iphulika zenizeni."

Ena anaseka, poganiza kuti bwana akuchita nthabwala. Alamu anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mgolo. Anthu makumi asanu ndi limodzi anali chete kudikira mayi mmodzi, matayala akupsa, Kaputeni ali chifuwa pamtunda akudziona pagalasi. Bwana Bwerezani anatembenukira kwa ine.

"Inu, si abale anu awa? Talankhulani nawo. Mukatha, mawa mubwerere pa tebulo lanu lakale."

Ndinapita. Ndinawagwira mkono n'kunena mofatsa kuti, "Alamu, perekani. Ine ndikuona ngati si imeneyi. Yeniyeni kolala yake inali yofewerapo." Anandiyang'ana m'maso ngati mwana, ndipo zala zawo zinamasuka chimodzichimodzi. Ndinaipereka kwa Wamabomba ndi manja anga. Bamboyo anailandira osandiyang'ana.

Kachisanu Kaputeni anaterereka pa magazi a kachinayi n'kugwa cham'mbali bomba likuphulika. Anthu anafa nacho chiseko. Bwana Bwerezani anati palibe kanthu, kachitatu kaja kanali kokwanira kale, tiyeni tikadye.

Mashati onse asanu ndinachapa ine, chifukwa magazi a manyuchi akagona amaitana nyerere. Utoto sunachoke wonse. Atauma anali ofanana kuposa kale, onse ofiirira kutsogolo, onse ndi chibowo chopserera pansi pa thumba lakumanzere, cholowa chibakera, chonga mabowo anga aja.

Lolemba lake alamu anabwera kudzatenga makina awo ang'onoang'ono, sizasi ndi magalasi. Ntchito anali atasiya, ndipo sanagwirenso singano kuchokera tsiku limenelo. Wamakiyi anayala mashati asanu pa tebulo lalitali, lomwe tsopano linali langanso. Anati bwana walamula kuti mayi atenge imodzi, poti inachokera kunyumba kwawo ndi imodzi. Anayi otsalawo akawapachika m'magalasi pa khomo la holo tsiku loonetsa filimu koyamba, ndi chikwangwani chonena kuti pakati pawo pali shati ya msilikali weniweni.

"Nanga mayiwa akatenga yeniyeniyo?" anafunsa wina.

"Adziwa ndani?" anatero Wamakiyi, akuseweretsa makiyi ake. "Sankhani mayi, ndikufuna kutseka."

Alamu anavala magalasi. Anayenda kuchokera kumapeto kwa tebulo mpaka kumapeto kwina, akusisita shati iliyonse ndi nsonga za zala. Anabwereranso. Anatenga ina n'kuiyika pa tsaya, anaibweza. Anayang'ana batani lachitatu la iliyonse nthawi yaitali, ngati ulusi ungawauze tsiku limene anausoka. Wamakiyi anayang'ana wotchi kawiri. Kenako alamu anavula magalasi aja n'kutembenukira kwa ine.

"Alamu, maso anga atha. Inu munamulera mwanayu, munamuchapira zaka zinayi. Ndinakulakwirani, sindinakulolenipo kuigwira. Tagwirani tsopano. Mundiuze."

Ndinagwira yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Zonse zinali nsalu yozizira yonunkha sopo wanga. Ndinaima pa yachinayi chifukwa inali pafupi ndi dzanja langa, palibe chifukwa china.

"Iyi," ndinatero.

"Mukutsimikiza?"

"Ndi imeneyi."

Anainyamula ndi manja awiri, anaipinda mosamala chibowo chili mkati, n'kuilowetsa m'kajumbo ka pulasitiki. Kenako anagwira dzanja langa lamanja, lomwe lija linagwira singano, n'kulifinya pachifuwa pawo.

"Zikomo alamu. Pakanapanda inu, ndikanamusiya mwana wanga pano."